Wochedwa kubweza ngongole ya foni naye ali ndi ufulu wofunsa

Akonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yathu yokondedwayi ndilankhule ndi anzanga akumudzi pa nkhani ya malamya a m'manja otenga pangongole, mafoni aja tikumalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Chandigwiritsa cholembera ndi chimene chachitika m'mudzi mwathu mwezi wathawu. Mayi wina wamasiye wagulitsa mbuzi zake ziwiri, ina ili ndi bere, kuti alipire ndalama zimene kampani ina inamuuza pafoni kuti ndiyo ngongole yake. Nditamufunsa kuti ndalamazo zinachuluka bwanji chotere, anati sakudziwa. Nditamufunsanso chifukwa chimene sanawafunsire eni akewo, anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, ine ndine wolakwa kale, ndinalumphitsa miyezi iwiri. Ndikafunsa ndi pakamwa pati?"

Mawu amenewa andisowetsa mtendere chifukwa inenso ndinawalankhulapo mumtima mwanga m'chaka cha 2024. Maganizo anga ndi akuti munthu amene wachedwa kulipira ayenera kubweza ngongole yake yonse, koma ngongole yeniyeniyo basi. Kuchedwa kwake sikupatsa kampani chilolezo chomuwonjezera chilichonse chimene yafuna, ndiponso sikumulanda iye ufulu wofunsa kuti masamuwo ayenda bwanji. Kuti ndisaoneke ngati ndikungolankhula zam'mutu, ndiyambe ndafotokoza zimene zinandionekera ine mwini.

Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, wa satifiketi ya T2, ndipo ndimakhala kumudzi kudalira penshoni ndi kamunda. Mwana wanga wamwamuna ali ku Johannesburg, ndipo anali kundiumiriza kuti ndipeze foni yaikulu kuti tizionana pa WhatsApp, ndiziona adzukulu anga. Koma ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zinakwera mitengo kotero kuti kugula foni yotere ndi ndalama zapamanja kunandikanika. Mu Febuluwale 2024 ndinalowa m'sitolo ina paboma ndi kutenga foni pa pangano la miyezi 12. Dzina la kampaniyo sindilitchula, pakuti cholinga changa si kunyoza munthu ayi.

Pangano linali lotere: ndinapereka K45,000 yoyambira, kenaka K21,000 mwezi uliwonse. Mwa ndalama ya pamweziyi, K18,000 inali ya foni ndipo K3,000 inali ya bandulo ya mphindi zoimbira ndi intaneti. Mnyamata wogulitsayo analankhula bwino ndithu, nandipatsa mapepala atatu a Chingerezi a malembo ang'onoang'ono ngati mbewu za fodya. Magalasi ndinali nditawaiwala kunyumba, basi yakwathu inali pafupi kunyamuka, tsono ndinangosayina. Ndikuvomera pamaso pa awerengi onse kuti munthu amene kwa zaka zoposa 30 ndinkauza ana a Sitandade 8 kuti awerenge funso kawiri asanayankhe, ndinasayina chikalata osachiwerenga n'kamodzi komwe.

Nditafika kunyumba ndi pamene ndinachita masamu. Foni imene pa ndalama zapamanja inali K180,000, ine ndinali woti ndiilipire K261,000, osawerengera bandulo. Kusiyana kwake ndi K81,000. Zimenezi sindinadandaule nazo, chifukwa wokongoza ayenera kupeza phindu, ndipo palibe anandikakamiza.

Ndinalipira bwinobwino Malichi, Epulo, Meyi ndi Juni. Koma awerengi akukumbukira mmene chaka chimenecho chinalili. Mvula inadula, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agweredwa ndi tsoka. Kwathu chimanga chinapserera chisanamasule. Pofika Julayi tinali tikugula kale chimanga, ndipo mwezi womwewo mayi akunyumba anagonekedwa m'chipatala. Ndalama ya foni inapita ku mankhwala ndi ulendo. Masiku ochepa atapita, foni inatsekedwa pamodzi ndi nambala yake. Mu Ogasiti ndinayesetsa, ndinalipira K21,000 kudzera kwa ejenti wa pamsika wathu. Foni sinatseguke, koma sindinadabwe, poganiza kuti nchifukwa cha Julayi uja. Mu Seputembala ndinalepheranso.

Kumayambiriro kwa Okutobala anayamba kuimba pa kafoni ka mabatani ka mayi akunyumba, kamene ndinapereka nambala yake monga yachiwiri. Mtsikana wina anati ngongole yanga yafika K96,500, ndipo ndikapanda kulipira m'masiku 7 dzina langa lipita ku mabungwe osunga mbiri ya okongola. Tsiku lina anaimba mnyamata amene anawonjezera kuti nkhaniyi ikhoza kufika kupolisi, ndipo adzabwera kudzanyamula katundu m'nyumba. Mayi anali asanachire bwino, ndipo mawu amenewa anawamva ndi makutu awo. Usiku umenewo sitinagone. Ndinaganiza za njinga yanga. Ndinaganizanso za manyazi a mphunzitsi wamkulu kunyamulidwa mipando ana amene anawaphunzitsa akuonerera.

Mwana wanga atamva anati, "Bambo, musavutike, nditumiza ndalama yonseyo, mungolipira nkhaniyi ithe." Ndinamuthokoza, koma ndinati adikire. Mwa kuwerengera kwanga ndinali nditalumphitsa miyezi iwiri, imene ndi K42,000. Nanga K54,500 inayo inachokera kuti? Ndalama ya mwana wanga ndi ya thukuta, ndipo sindikanalola kuti ipite pa chinthu chimene palibe akutha kundifotokozera.

Chimene chinandipulumutsa ndi chizolowezi cha kusukulu. Mphunzitsi wamkulu salandira kapena kupereka ndalama osalemba, ngakhale ya choko. Ndili ndi kope limene ndimalembamo tsiku, ndalama, kumene ndalipira ndi nambala ya umboni imene imatuluka pafoni ya ejenti. Ndinatenga kopelo ndi mapepala atatu aja, ndinavala magalasi, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango m'mawa wonse kuwerenga mzere ndi mzere. Kenaka ndinakwera basi kupita paboma.

Kalaliki amene ndinamupeza anati, "Madala, zonse zili mu kompyuta. Kompyuta sinama." Ndinamuyankha kuti, "Mwana wanga, sindikunena kuti yanama. Ndikungopempha kuti chimene chili mu kompyutamo undilembere papepala, ndalama iliyonse ndi dzina lake." Anazengereza, nakaitana wamkulu wake, ndipo patapita ola limodzi ndinapatsidwa pepala. Papepalapo panali miyezi itatu yosalipira, K63,000. Chindapusa chochedwera K7,500 katatu, K22,500. Ndi ndalama yotsegulira foni, K11,000. Zonse pamodzi K96,500.

Apa ndi pamene zinthu zinaonekera poyera. Choyamba, ndalama yanga ya Ogasiti sinalembedwe n'komwe. Chachiwiri, pangano limene ndinasayina limanena kuti chindapusa chochedwera ndi K2,500 pamwezi, osati K7,500. Nditafunsa, anati anakweza ndipo anatumiza uthenga kwa onse. Uthengawo anautumiza mu Ogasiti, ku foni imene iwo omwe anali ataitseka. Chachitatu, m'mapepala onse atatu munalibe paliponse potchula ndalama yotsegulira foni. Chachinayi, ankafuna ndilipire bandulo ya Ogasiti ndi Seputembala, K6,000, chikhalirecho miyezi imeneyo sindinaimbepo ngakhale mphindi imodzi.

Sindinakalipe ndipo sindinatukwane munthu. Ndinabwerera kumudzi, ndinapita kwa ejenti uja, ndipo tinatsegula buku lake. Tinapeza kuti polemba nambala ya pangano langa anatembenuza manambala awiri, motero ndalama inakakhala kwa munthu wina. Apa sindingati kampani inaba ayi. Koma ndikanangolipira osafunsa, K21,000 imeneyo ikanapita mpaka kalekale, pamodzi ndi chindapusa chake.

Ndinalemba kalata pamanja, makope awiri. M'kalatamo ndinavomera poyamba kuti ndinalephera kulipira Julayi ndi Seputembala, ndi kupepesa. Kenaka ndinandandalika mfundo zinayi zija, iliyonse ndi umboni wake, ndi kupempha yankho lolembedwa m'masiku 14. Tsiku lopereka kalatayo ndinalipiriratu K41,000 imene ndinkaivomereza, ndiyo K36,000 ya foni ndi K5,000 ya chindapusa cha m'pangano, kuti asanene kuti ndikuthawa ngongole. Ya Okutobala nayo ndinailipira pa tsiku lake. Kope limodzi la kalata ndinawasiyira, linalo ndinapempha kuti alidinde chidindo ndi kulembapo tsiku, n'kubwerera nalo.

Masabata atatu anapita kuli zii. Ndinalembanso kachiwiri, ndi kunena mwaulemu kuti ndikapanda kuyankhidwa nditengera nkhaniyi ku MACRA ndi ku CFTC, ndipo ndidzaphatikizapo kalata yodindidwa ija. Patapita masiku 10 anandiitana. Ndalama ya Ogasiti anaipeza, chindapusa chake anachichotsa, chotsalacho anachibwezera pa K2,500, ndipo ya kutsegulira foni anaifafaniza. Koma pa bandulo anandigonjetsa. Anandionetsa ndime ina patsamba lachitatu yonena kuti bandulo ilipiridwa mwezi uliwonse, kaya munthu waigwiritsa ntchito kaya ayi. Ine ndimaonabe kuti ndime imeneyi njosalungama, pakuti amene anatseka nambala ndi iwo, koma siginecha inali yanga, ndipo ndinalipira K6,000. Zonse pamodzi ndinapereka K47,000 m'malo mwa K96,500. K49,500 imene inatsala inali yokwanira thumba la chimanga panthawiyo. Ngongole yonse ndinaimaliza mu Febuluwale 2025.

Tsono, Akonzi, ndikudziwa kuti ena anena kuti nkhalambayi ikulimbikitsa anthu kukana ngongole. Iyayi. Makampaniwa atithandiza, pakuti ambiri a ife sitikanakhala ndi foni popanda iwo. Ndikudziwanso kuti alipo anthu osakhulupirika amene amatenga foni lero, mawa n'kukaigulitsa kumsika, n'kusowa. Kutseka foni ya munthu amene sanalipire ine sindikutsutsa, bola zikhale zolembedwa m'pangano. Mlandu suola, ndipo ngongole nayo siola. Koma pangano limamanga mbali zonse ziwiri. Ngati ine ndilangidwa chifukwa chophwanya tsiku lolipira, kampani nayo isasinthe K2,500 kukhala K7,500 payokha, pangano lili m'kati. Sikelo imene imayeza molondola pogula, n'kumanama pogulitsa, timaidziwa tonse amene tinagulitsapo mtedza kwa mavenda.

Chimene chimatigonjetsa anthu akumudzi ndi manyazi ndi mantha, ndipo manthawo amakula chifukwa chosadziwa malamulo. Anzanga, dziwani kuti chigawo 19 cha malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuyendera mu 1994, chimaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Ngongole yotere si mlandu wa kupolisi, pokhapokha ngati munthu anachita chinyengo. Katundu wa m'nyumba mwanu sanyamulidwa ndi munthu wongoimba foni. Pamafunika chigamulo cha bwalo la milandu, kumene nanunso mumaitanidwa kukanena mbali yanu, ndipo odzalanda katundu ndi a sherifu. Za mabungwe osunga mbiri ya okongola n'zoona, alipo, ndipo lamulo lawo linakhazikitsidwa mu 2010. Nchifukwa chake nkofunika kukonza masamu olakwika msanga, dzina lisanadetsedwe pa ndalama imene simunakongole.

Dziwaninso kuti kuli kokadandaula. Bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 ndipo tsopano likuyendera lamulo la 2016, limayang'anira makampani a mafoni ndipo limalandira madandaulo a anthu. Bungwe la CFTC limaona za chilungamo pa malonda, ndipo lamulo lake linalembedwanso mwatsopano mu 2024. Ngati wokongozayo ndi bungwe lobwereketsa ndalama, woliyang'anira ndi Reserve Bank of Malawi. Kulinso bungwe la CAMA lolankhulira anthu ogula. Koma kulikonse kumene mungapite adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula kwa eni ake, ndi umboni wake. Mawu apafoni amauluka ndi mphepo. Kalata yodindidwa ndiyo imakuimirirani.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi ichi: lamulo loteteza ogula la 2003 limanena kuti mapangano okonzeratu ngati amenewa alembedwe m'malembo ooneka bwino, akhale ndi kumasulira kwake m'chilankhulo chathu, ndipo munthu wosadziwa kuwerenga awerengeredwe ndi kufotokozeredwa. Ine sindinapatsidwe pepala la Chichewa. Mayi wamasiye uja, amene sukulu analekezera Sitandade 3, anangouzidwa kuti adinde chala apa ndi apa. Ngati ine wa T2 ndinapunthwa, nanga iye akanatani? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za m'mapanganowa zimabisala patsamba lomaliza.

Choncho ndikupempha makampani onse okongoza mafoni kuti pangano lizikhala ndi tsamba limodzi la Chichewa, kapena Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina malinga ndi dera, lonena momveka mtengo wa foniyo pa ndalama zapamanja, ndalama yonse imene munthu adzakhale atalipira pomaliza, chindapusa chochedwera, ndi chimene chidzachitike akalumphitsa mwezi. Wofuna pepala la ngongole yake azipatsidwa msanga, popanda kumuyang'ana ngati wakuba. Anyamata ndi atsikana oimba mafoni aphunzitsidwe kuti kuopseza munthu ndi polisi pa nkhani ya ngongole n'kulakwa. Komanso wodwala kapena woferedwa akabwera yekha kudzanena vuto lake, mumvereni ndi kugwirizana naye kalipiridwe kena. Mudzapeza ndalama zanu, ndipo mudzasunga kasitomala.

Mabungwe ndatchula aja ndikuwapempha kuti asamathere m'mizinda ndi pa intaneti. Munthu amene foni yake yatsekedwa sangawerenge uthenga wanu pa Facebook. Bwerani pa wailesi za m'madera, bwerani pa masiku a msika, mutiuze m'chilankhulo chathu kumene tingapereke madandaulo ndi mmene tingalembere.

Kwa abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mpingo amene mumawerenga tsamba lino, inu ndi amene anthu amakuuzani zakukhosi. Mumatiphunzitsa kubweza zimene takongola, ndipo muzipitiriza kutero. Koma nkhosa zanu zikugulitsa mbuzi ndi malata mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Pa zolengeza za pambuyo pa mapemphero, kapena pa misonkhano ya amayi ndi ya m'milaga, nenaniko mawu awiri: kuti munthu asasayine chimene sanachimve, ndipo akauzidwa ngongole apemphe pepala. Pampingo uliwonse pali mphunzitsi, mlangizi kapena mwana wa Fomu 4 amene angawerengere mnzake pangano ndi kumulembera kalata. Mafumu nawonso, munthu wa kampani akabwera kudzaneneza mwana wa m'mudzi mwanu, muyambe mwamufunsa pepala la masamu ake musanaitane woimbidwa mlanduyo.

Pomaliza ndibwerere kwa anzanga okongola. Gulani kope la masamba ochepa, muzilembamo ndalama iliyonse imene mwalipira, tsiku lake ndi nambala ya umboni. Ejenti akamalemba nambala ya pangano lanu, muuzeni aiwerenge mokweza musanapereke ndalama. Mapepala a pangano sungani m'pulasitiki pamodzi ndi chiphaso chanu chaunzika, chiswe chingadye. Mukaona kuti mwezi uno simukwanitsa, pitani nokha mukanene tsiku lisanakwane, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukauzidwa ndalama yosamveka, musakane yonse ndipo musavomere yonse. Lipirani imene mukuidziwa, yotsalayo muifunse polemba, ndipo kope lanu lidindidwe. Mwina mudzapambana pa zina ndi kugonja pa zina monga ine, koma mudzalipira mukudziwa chimene mukulipira.

Mayi wamasiye uja mbuzi zake zinapita kale. Komabe sabata yatha tinakhala pansi ndi mapepala ake, ndipo tapeza K14,000 imene sitikuiona paliponse m'pangano lake. Kalata talemba, makope awiri, ndipo Lachiwiri likudzali ndimuperekeza paboma. Yankho likabwera, Akonzi, ndidzakudziwitsani ngati mudzandipatsanso mpata.

Ine wanu,

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Balaka.